Woipa m'mabuku amenewa amakhala mayi

Buku loyamba ndinalipeza pamwamba pa firiji, pamene timaika makiyi ndi malisiti a magetsi. Analisiya pamenepo ndi mwana wanga wachisamba, ndipo sikunali kuiwala. Masiku amenewo ine ndi iye tinkalankhulana ngati anthu ongokumana pa depoti: "Mwadzuka bwanji amayi?" "Ndadzuka." Basi. Nkhani inali yoti mnyamata amene anamufunsira amagwira ntchito ku Dublin, ndipo ukwati ukangochitika amutenga. Bambo ake anavomera tsiku lomwelo. Amalume ake, mchimwene wanga wa bere limodzi, anavomera pafoni ali m'minibasi. Ine ndekha ndi amene ndinati tadikirani kaye.

M'mawa wina, akumanga zingwe za nsapato pakhomo, anangoti, "Amayi, pafirijipo pali buku, mukatopa ndi wailesi muwerengeko." Ndinalisiya masiku awiri kuti asaganize kuti ndagonja. Tsiku lachitatu ndinalitsegula. Linali la Chingerezi, dzina lake Neon Gods, lolembedwa ndi Katee Robert wa ku America, lotuluka mu 2021. Ndinalimaliza usiku utatu, ndikuwerengera tochi ya pafoni, abambo akunyumba akuliza mkonono pambali panga. Ndisaname, ndinalikonda. Ine mayi wa zaka 48, wovala yunifomu yoyera Lachinayi lililonse, ndinkafika pena n'kulitseka kaye, kuyang'ana kudenga, n'kulitsegulanso pomwepo.

Amene simunakumane nawo mabukuwa, nkhani yake ili chonchi. Olemba, ambiri mwa iwo azimayi, amatenga milungu ya Agiriki akale n'kuiveka masuti. Olympus, phiri lija ankati milungu imakhalapo, limasanduka mzinda wa nyumba zosanjikizana, wa magalimoto akuda ndi atolankhani a miseche. M'buku la pafiriji lija mulibe ngakhale mulungu mmodzi weniweni. Zeus, Hades, Demeter ndi enawo ndi mayina a maudindo, mipando 13 yolamulira mzinda, ina yochita kusiyirana pamtundu ngati ufumu, ina yolimbirana. Styx, mtsinje umene akufa ankawoloka m'nthano zakale, wangokhala malire pakati pa tauni ya olemera ndi tsidya linalo limene anthu amaopa kupondako. Persephone, mwana wamkazi wa Demeter, ali kuphwando, n'kumva akulengeza pagulu kuti akwatiwa ndi Zeus, nkhalamba imene anthu amanong'onezana kuti akazi ake akale inawapha yokha. Mayi ake ndiwo anakonza zonse, iye osauzidwa. Athawa usiku womwewo, mapazi ali magazi okhaokha, awoloka mlatho, ndipo tsidya linalo agwera m'manja mwa Hades, munthu amene mzinda wonse unkati kulibe.

Nditamaliza ndinafunsa ngati alipo ena, ndikunamizira kuti ndikufunira mnzanga wa kuntchito. Anaseka, kuseka kwake koyamba pamaso panga mwezi wonsewo, nanditumizira ena pafoni. Alipo ambiri kwabasi. A Touch of Darkness la Scarlett St. Clair, limene mwini wake anayamba walisindikiza yekha mu 2019, limaika milungu mu mzinda wa New Athens. M'menemo Persephone ndi mwana wa payunivesite wophunzira utolankhani, Hades ndi mwini malo azisangalalo ndi juga, ndipo mtsikanayo akodwa m'pangano atagonja pa masewero a makadi. Palinso Lore Olympus ya Rachel Smythe wa ku New Zealand, nkhani ya zithunzi imene inayamba pa Webtoon, tsamba la pa intaneti la nkhani zotere, mu 2018 n'kutha mu 2024. Pa TikTok owerenga amayeza mabukuwa ndi tizithunzi ta tsabola: kamodzi ndiye kuti n'zozizira, tisanu ndiye kambuzi weniweni. Ndipo lamulo la mabuku achikondi silisintha. Zivute zitani, pamapeto awiriwo akhale limodzi akusangalala. Wolemba akaliphwanya, owerenga amamukalipira ngati wawabera chenji.

Ife a m'badwo wathu tinakulira mabuku achikondi a Mills & Boon. Kusekondale buku limodzi linkazungulira hositelo yonse mpaka chikuto kuthothoka, ndipo masamba amene aliyense ankawafuna ankachita kuda ndi zala. Komabe ambiri mwa amene ankatifikawo anali ndi manyazi ake: awiriwo akalowa kuchipinda wolemba ankakoka chitseko, n'kudzationetsa dzuwa likutuluka. A lerowa chitsekocho amachizula ndi mahinjesi omwe. Zimene anamkungwi amanena motsitsa mawu, atathamangitsa ana, apa zalembedwa chimodzichimodzi, chaputala chathunthu. Amalaula, tisabise. Si mabuku osiya pampando pamene mwana wa sitandade 7 angawatole.

Chinandizunguza mutu poyamba ndi dzinalo. Ife Hade tinamumvera kutchalitchi. Mwini chuma uja wa pa Luka 16 anakweza maso ake ali m'Hade, ali m'mazunzo, naona Lazaro patali ali pachifuwa cha Abrahamu. Ndiye ukamva kuti atsikana a masiku ano akugwa m'chikondi ndi Hades, umayamba wagwira pakamwa. Koma kwa Agiriki iyeyu sanali Satana. Sankayesa anthu kuti achimwe. Homer, mlakatuli wa Agiriki akale, akuti abale atatu anachita maere pogawana zonse: Zeus anapata thambo, Poseidon nyanja, Hades mdima wa kunsi. Ntchito yake inali yosunga akufa, abwino ndi oipa omwe. Anthu ankaopa kutchula dzina lake, choncho ankamutcha Plouton, kunena kuti mwini chuma, poti siliva, golide ndi mbewu zonse zimatuluka pansi. Tsono taonani: mwamuna wolemera, wosalankhulalankhula, wokhala yekha m'chinyumba chamdima, woopedwa ndi aliyense, wosayendayenda ngati mbale wake Zeus amene mbiri yake ndi ya zibwenzi ndi ana apathengo okhaokha. Ameneyu ndi mwamuna yemwe uja wa m'mabuku a kuhositelo. Wangosintha galimoto.

Chimene olemba atsopanowa amachilambalala mwakachetechete ndi chibale. M'nthano zakale Zeus, Hades ndi Demeter ndi ana a mimba imodzi, a Kronos ndi Rhea, ndipo Persephone ndi mwana wa Zeus ndi Demeter. Ndinayesa kuziwerengera m'Chichewa ndili kukhitchini mpaka ndiwo zinatsala pang'ono kupserera. Kwa mtsikanayo Hades ndi malume, poti ndi mlongo wa mayi ake. Yemweyonso ndi bambo aakulu kapena aang'ono, malinga ndi amene akufotokoza, poti ndi mbale wa bambo ake. Ankhoswe akanakhala ndani pamenepo, kaya. Mabuku atsopanowa chibale chimenechi amachidula, ndipo apa sindiwatsutsa.

Zabwino zawo zilipo, ndizinene. M'mabukuwa mtsikana amapita yekha, ndi miyendo yake. Akafika, mwamuna woopsa uja amafunsa. Amafunsa asanamukhudze, amafunsanso ali pakati pa zinthu, ndipo amapangana mawu oti mkazi akangowatchula zonse ziime pomwepo. M'buku loyamba lija mawuwo ndi dzina la chipatso, khangaza. Poyamba ndinaseka, ndikuti mwamuna wofunsa chonchi akumutola kuti. Kenako ndinangoti phee. Ndinakumbuka usiku wa chilangizo changa, amayi achikulire atandizungulira, uyu kunena zake, uyu zake: bambo sakanizidwa, bambo akabwera usiku usafunse kumene achokera, banja ndi kupirira. Anandiphunzitsa zambiri, zina zikundithandiza mpaka lero. Koma panalibe ndi mmodzi yemwe amene anati thupilo ndi lako, ungathe kufuna, ungathenso kukana. Ngati mwana wanga zimenezi waziphunzira kwa milungu yovala masuti, pamenepo ndilibe nawo mlandu mabukuwa.

Mlandu wanga uli pena. Nditafika pa buku lachitatu ndinayamba kuona kuti nkhope ya woipa ikungobwerabwera yomweyo. Ndi mayi. Kwa Katee Robert, Demeter ndi mayi wandale, womwetulira pa kamera, amene apereka mwana wake kuti mpando wake ulimbe, ndipo mwanayo atathawa aopseza kuti atsekereza chakudya cholowa tsidya linalo. Kwa Scarlett St. Clair ndi mayi amene anatsekera mwana wake m'nyumba ya magalasi yolimamo maluwa mpaka atakula, osafuna kuti dziko lidziwe kuti anabereka. Kwinaku n'chimodzimodzi: wolamula, wokayikira, wolondalonda mwana kulikonse. Ndinakhala tsonga pabedi 2 koloko usiku, foni ili pamiyendo, n'kudzifunsa kuti kodi mwana uyu wandipatsa buku kapena kalilole.

Ukali ndi umene unandituma kukafufuza kumene nkhaniyi inachokera. Ine sindinapite ku Kamuzu Academy kumene ana amaphunzira Chigiriki ndi Chilatini, choncho ndinawerenga zomasuliridwa m'Chingerezi, pafoni pomwepo. Gwero lakale kwambiri lofotokoza nkhani yonse ndi ndakatulo ya mizere 495, yopekedwa pafupifupi zaka 600 Yesu asanabadwe. Inatsala pang'ono kutayika. Inapulumukira m'buku limodzi lokha lolembedwa pamanja, limene katswiri wa ku Germany, Christian Friedrich Matthaei, analipeza ku Moscow mu 1777, ndipo amene anamugulitsa ankati linali m'khola, pakati pa nkhuku ndi nkhumba. Lero likusungidwa ku Leiden. Dzina lokha la ndakatuloyo linandiwongola msana: ndi nyimbo yotamanda Demeter, mulungu wamkazi wa mbewu ndi zokolola. Mwini nkhani ndi mayi.

Imayamba mosazungulira. Hades analanda mtsikanayo, ndipo Zeus, bambo ake, ndiye anamupereka, mayi asakudziwa. Mtsikana ali kudambo ndi anzake akuthyola maluwa. Aona duwa lina lachilendo, la mitu 100 pa muzu umodzi, fungo lake lofika kumwamba, osadziwa kuti ndi msampha umene nthaka yameretsa pomvera bambo ake omwe. Atambasula manja onse awiri ngati mwana waona chidole, nthaka ng'aa. Atuluka mwini wake pa galeta la golide, amunyamula akukana, akulira, akuitana bambo ake. Bambo akewo ali kutali m'kachisi, akulandira nsembe za anthu. Mawu a mwanayo anamveka m'mapiri ndi pansi pa nyanja, ndipo mayi ake anawamva.

Kuyambira pamenepo ndakatuloyo imamusiya mtsikanayo kunsi n'kutsata mayi. Demeter ang'amba duku lake, afunda nsalu yakuda, nayenda masiku 9 atanyamula miuni yoyaka, osadya, osamwa, osasamba. Palibe mulungu, munthu ngakhale mbalame imene inamuuza zoona. Tsiku la 10 akumana ndi mulungu wina wamkazi, Hekate, amene anamva kukuwako ali m'phanga lake koma sanaone wolandayo, ndipo awiriwo apita kwa Helios, dzuwa, amene amaona zonse. Helios aulula, kenako awonjezera uphungu wake: leka kulira, usakwiye pachabe, mkamwini wapezayu si munthu wamba, ndi mbale wako, ndipo gawo limodzi mwa magawo atatu aja ndi lake. Nditafika pamenepa ndinaika foni pansi. Mawu amenewa ndinali nditawamva m'nyumba mwanga momwe, pabalaza, kwa mchimwene wanga atanyamula kapu ya tiyi amene ndinaphika ndine: "Achemwali, mnyamatayu mapepala ake ali bwinobwino, ntchito yabwino, samwa. Mukufunanso chiyani?"

Demeter anachoka pakati pa milungu inzake. Anadzisandutsa nkhalamba, nakakhala pachitsime cha ku Eleusis, pamthunzi wa mtengo wa azitona, pamene ana aakazi a mfumu Keleos anamupeza atabwera kudzatunga madzi. Anamutengera kwawo kuti akalere kamwana kakamuna ka mayi awo, Metaneira. Chithunzi chimene sichindichoka m'maso ndi ichi. Alowa m'nyumba, akana mpando waulemu, akhala pa kampando wamba atadziphimba kumaso, duu, osalankhula, osalawa kanthu, mpaka mayi wina wa pakhomopo dzina lake Iambe ayamba nthabwala zake, ndipo wosweka mtima uja amwetulira, kenako aseka. Amene munagonapo pamaliro mukumudziwa Iambe. Pasiwa paliponse amakhalapo wake, mayi uja amene pakati pa usiku amatulutsa mawu osayenera, anamfedwa n'kuseka misozi ili m'masaya. Vinyo anakana. Anapempha madzi osakaniza ndi ufa wa balere ndi timasamba tonunkhira, chakumwa chimene anthu anapitiriza kumwa pa miyambo yachinsinsi ya ku Eleusis kwa zaka pafupifupi 1000. Lero malowo ndi tauni ya mafakitale yotchedwa Elefsina, makilomita pafupifupi 20 kuchokera ku Athens, ndipo phanga limene ankati ndi khomo la kunsi likadalipo.

Kenako anachita chimene chinagwedeza kumwamba. Anabisa mbewu m'nthaka. Chaka chathunthu ng'ombe zinakoka makasu pachabe, balere anafesedwa osamera. Anthu akanatha psiti, ndipo mlakatuliyo sabisa chimene chinadzutsa Zeus: anthu akatha, nsembe azipereka ndani? Anatuma mthenga wake Iris, anabwerako chimanjamanja. Anatuma milungu yonse umodziumodzi, uliwonse ndi mphatso zake. Yankho linali lomwelo: ku Olympus sindikwerako, mbewu sindimeretsa, mpaka mwana wanga ndimuone ndi maso angawa. Hermes, mthenga amene Zeus anatuma kukatenga mtsikanayo, atatsikira kunsi anapeza Hades atakhala pakama ndi mkazi wake, mkaziyo ali ndwii, mtima uli kwa mayi ake.

Agiriki omvera ndakatuloyi sankamva za kutali. Ku Athens mtsikana ankakwatiwa ali ndi zaka 14 kapena 15, mwamuna ali cha m'ma 30, ndipo pangano linali la amuna awiri, bambo ndi mkamwini. Chinali chitengwa chenicheni. Usiku ankamukweza pangolo kupita kwa mwamuna, mayi ake akuperekeza atanyamula miuni, yomwe ija ya Demeter. Mtsikana akamwalira asanakwatiwe ankati wakwatiwa ndi Hades. Ndiye kuti mayi wa nthawi imeneyo mwana wake wamkazi ankamutaya njira ziwiri, kumanda kapena kubanja, ndipo ndakatuloyo inamanga ziwirizi mtolo umodzi. N'zoona kuti ku Locri, kummwera kwa Italy, anafukula timapale tadothi tosonyeza Persephone atakhala pampando wachifumu pambali pa mwamuna wake, mfumukazi yolemekezeka imene atsikana okonzekera ukwati ankaiperekera mphatso. Choncho olemba a lerowa sanapeke zonse. Koma kulira kuja kunaliponso. Bernini, wosema wa ku Italy, anakusema pamwala n'kumaliza mu 1622, ndipo chosemacho chili ku Galleria Borghese ku Rome. Chimatchuka ndi zala za Hades zimene zalowa m'ntchafu ya mtsikanayo ngati mwalawo ndi mnofu, koma patsaya pake palinso misozi.

Ndikumvetsa chifukwa chake olemba amachita zimene amachitazi. Nkhani yachikondi imafuna chotchinga. Ukamusambitsa Hades mpaka kuyera, madzi akudawo uyenera kuwakhuthulira pena, ndipo amene wakhala pafupi ndi mpongozi. N'zosavuta, komanso owerenga ambiri ndi atsikana amene nkhondo yawo yaikulu pakali pano ili ndi amayi awo: ya siketi yaifupi, ya nthawi yofikira pakhomo, ya mnyamata uja. Koma taonani chimene chachitika. M'nkhani yakale ija, mwa milungu yonse, mmodzi yekha ndiye anati ayi. Analibe mphezi, analibe asilikali. Anali ndi nkhokwe basi, ndipo anaitseka mpaka mfumu ya milungu inafewa. Olembawa pofuna kupatsa mwana mawu alanda a mayi ake, n'kupita nazo kumsika kuti ndi nkhani yomasula akazi. Mwamuna amene anaba munthu wakhululukidwa, wapatsidwa tiagalu tokongola ndi mbiri yomvetsa chisoni ya ubwana wake. Mayi amene anayenda masiku 9 osasamba ndiye wasanduka mfiti ya pamudzi.

Mawu amenewa ndinawasanja bwinobwino m'mutu kuti ndikamuuze mwana wanga. Inandigwira mwendo ndi ndakatulo yomweyo, chifukwa pali chigawo chimene ndachidumpha pamwambapa. Kamwana ka Metaneira kaja, Demophon, Demeter anakakonda. Ankakadzoza chakudya cha milungu, kukafungatira pachifuwa, ndipo usiku, makolo ake asakudziwa, ankakakwirira pamoto ngati chikuni kuti kasadzakalambe, kasadzafe. Mayi ake atasuzumira n'kukuwa, Demeter anakachotsa pamotopo n'kukaika pansi, akukalipa kuti anthu ndinu opusa, chabwino chikamabwera simuchidziwa. Chikondi chake chinali chotero, chowotcha mwana kuopa kumutaya. Ndipo alimi aja anagona ndi njala chaka chonse sanabe mwana wa munthu. Ndinayang'ana m'nyumba mwanga. Panali patatha masabata 5 ndisanaphike chakudya cha Lamlungu. Ana aang'ono ankadya buledi ndi tiyi, akuyenda monyang'ama ngati m'nyumba muli wodwala. Chilala cha pakhomo pano ndinachigwetsa ndine.

Ndiye pali khangaza lija. Hermes atanena uthenga wake, Hades anamwetulira, nauza mkazi wake kuti pita kwa amako, koma dziwa kuti kuno udzalamulira zonse zamoyo ndi zoyenda. Mtsikanayo analumpha ndi chimwemwe. Mlakatuliyo akuti pamenepo mwamunayo anamupatsa mozemba kambewu kotsekemera ka khangaza kuti adye. Sawonjezera zambiri. Atafika kumtunda, mayi ake anamuthamangira ngati wamisala, namukumbatira, koma ali chikumbatirire mtima unamugunda, nafunsa funso la mayi aliyense: mwana wanga, kumeneko sunadyeko kanthu? Ndipo Persephone pofotokoza akuti anandipatsa mobisa, anandikakamiza, ine ndisakufuna. Mawu oti kukakamiza akutuluka m'kamwa mwa mwana, polankhula ndi mayi ake. Sindikuti ananama. Munthu amene anatengedwa akukuwa ndilibe chifukwa chomukayikira. Koma kamng'alu kalipo pakati pa zimene ananena mlakatuli ndi zimene anauzidwa mayi, ndipo mabuku onse a pafoni yangawa analowera pamenepo. Ovid, mlakatuli wa ku Rome, anali atakakulitsa kale: iye akuti mtsikanayo ankayenda m'munda wa kunsiko, anathyola chipatsocho ndi dzanja lake, nadya timbewu 7.

Kamng'aluko ine ndikukadziwa. Kwathu n'kwa chikamwini, mwamuna amabwera kudzamanga pamudzi pa mkazi, ndipo amayi anali atandilozera kale malo, kuseri kwa nkhokwe yawo, pafupi ndi mtengo wa mango. Mu 1999 ndinawauza kuti abambo akuti tipite ku Blantyre, akakamira, ine ndilibe chochita. Ndinalira pamaso pawo, misozi yeniyeni. Koma wokakamira tauni ndinali ine. Ndinkafuna madzi a pampopi, magetsi, ndi khomo limene amayi sangamve ndikamakangana ndi mwamuna wanga. Amayi anatsikira kulichete akudziwa kuti mkamwini anawalanda mwana, ndipo abambo akunyumba anasenza mlandu umenewo zaka zonsezo osatsegula pakamwa. Mwinanso amayi ankazidziwa zoona zake. Mwezi uliwonse ankanditumizira ufa, nyemba ndi mfutso pa basi, ngati kuti ku Blantyre kulibe msika.

Mlandu wa Demeter anakautsiriza ndi Rhea, mayi ake omubereka, amene Zeus anatuma pomaliza. Pangano linali loti mtsikanayo azikhala kunsi gawo limodzi mwa magawo atatu a chaka, ndiye kuti miyezi 4, ndipo miyezi 8 azikhala ndi mayi ake. Ovid anagawa pakati, 6 uku 6 uku. Ine atandipatsa miyezi 6 ndingavine mpaka chitenje kugwa. Changa ndi masabata atatu mu Disembala, tikiti ikalola. Rhea wonditsitsa mtima ndinalibe, ndinachita kudzitsitsa ndekha. Lamlungu lotsatira ndinapha nkhuku ya lokolo. Tikutsuka mbale awiriwiri ndinamufunsa, maso ali m'beseni.

"Iwe, buku lija unandipatsa dala?"

"Dala bwanji amayi?"

"Kuti ndidzione."

Anapukuta mbale imodzi nthawi yaitali. "Ndimangofuna tikhale ndi nkhani yocheza yosakhudza ineyo. Komanso mayi wa m'menemo kumapeto si woipa kwenikweni. Simunawerenge bwino."

"Ndinawerenga bwino. Kumapetoko wolemba anangomumvera chisoni."

"Nanga inu mukufuna ndizinena kuti akundikakamiza?"

Za 1999 ndinali ndisanamuuzepo, ndipo tsiku limenelo sindinamuuzenso. Ndinatsukuluza mphika umene unali woyera kale.

"Ayi," ndinatero. "Zimenezo usadzanene."

Ukwati unachitika mu Ogasiti. Usiku woti mawa lake anyamuka tinali pansi m'chipinda chake ndi sikelo yobwereka kwa aneba, chikwama chikukana kutsika kufika pa makilogalamu 23. Ndinali nditalongedzamo ufa woyera, nsinjiro, masamba a tiyi a ku Thyolo, mabotolo awiri a kambuzi ndi mfutso wokulunga m'nyuzipepala. Iye ankati ku Dublin kuli mashopu a zakudya za ku Africa, ufa umapezeka. Ndinati ndikudziwa. Lamulo la m'nthano ija ndi loti munthu amakhala wa kumene wadya, ndiye ndinkafuna kuti mwezi woyamba wokhawo azidya zakwathu. Titayeza kachitatu chinali chitapitirirabe ndi theka la kilogalamu. Anapisa dzanja pansi pa zitenje, natulutsa buku lachiwiri la Katee Robert, lija la Eros ndi Psyche, naliponya pabedi.

"Ili litsale. Koma ndikuchenjezeni, m'menemonso woipa ndi mayi."

"Wa mtsikana?"

"Wa mnyamata."

"Bweretsa kuno," ndinatero.